Bambo Raiffeisen, Meya Wakumudzi Amene Analimbana ndi Katapila

Ambiri mwa ife tinamvapo za SACCO, ndipo ena tili ndi timabuku take m'nyumba mwathu. Timasungitsako ndalama pang'onopang'ono, ndipo nthawi ya fetereza kapena ya fizi ikakwana timakabwerekako pa chiwongoladzanja chimene munthu angathe kubweza. Koma ndi ochepa amene amadziwa kumene nzeru imeneyi inachokera. Mmodzi mwa anthu amene anaiyambitsa anali Mkhristu wa ku Germany, Bambo Friedrich Wilhelm Raiffeisen, amene anamwalira m'chaka cha 1888. Bambowa sanali eni banki, ndiponso sanali olemera. Anali antchito a boma akumudzi, a maso odwala, amene anatha zaka pafupifupi 20 akuyesa kuthetsa umphawi pogwiritsa ntchito chifundo cha anthu opeza bwino, mpaka anazindikira kuti chifundo pachokha sichingamasule munthu amene wamangidwa ndi ngongole.

UBWANA WAWO

Bambo Raiffeisen anabadwa pa 30 Malichi 1818 m'mudzi wa Hamm, m'dera lamapiri lotchedwa Westerwald, kum'mawa kwa mtsinje wa Rhine. Nthawi imeneyo Germany inali isanakhale dziko limodzi, ndipo derali linali pansi pa ufumu wa Prussia. Iwo anali achisanu ndi chiwiri kubadwa m'banja la ana 9. Atate awo anali meya wa mudziwo, koma anachotsedwa pa udindo mwanayu akadali wakhanda, ndipo thanzi lawonso silinali bwino. Motero mtolo wonse wa pakhomo unagwera mayi awo, Mayi Amalie, amene analera anawo movutikira ndi kuwaphunzitsa kuopa Mulungu.

Ndalama zopitira kusukulu yapamwamba panalibe. Amene anathandiza ndi Abusa Seippel a mpingo wa m'mudzimo, omwe anaimira mwanayo pa ubatizo. Mnyamatayo atamaliza sukulu ya m'mudzi, abusawa anapitiriza kumuphunzitsa okha. Atakwanitsa zaka 17 analowa usilikali, poti kwa mwana wa m'banja losauka imeneyo inali njira yopezera maphunziro ndi ntchito. Anakhalako zaka 8, koma maso anayamba kumuvuta, ndipo m'chaka cha 1843 anasiya usilikali n'kuyamba ntchito ya ulembi m'maofesi a boma. M'chaka cha 1845, asanakwanitse zaka 30, boma linamutumiza kukakhala meya wa Weyerbusch, m'dera lomwelo la Westerwald. Chaka chomwecho anakwatira Emilie Storck, mwana wa wogulitsa mankhwala wa m'tauni ya Remagen.

ZIMENE ANAPEZA M'MIDZI

Meya wa malo ngati amenewa sanali ngati meya wa mumzinda waukulu. Anali wantchito wa boma woyang'anira midzi yoposa 20, ndipo nkhani za misonkho, misewu, sukulu ndi anthu ovutika zonse zinkafikira kwa iye. Poyenda m'midzimo, Bambo Raiffeisen anaona okha zimene zinkasaukitsa anthu.

Choyamba, dera la Westerwald ndi lozizira ndipo nthaka yake si yachonde kwenikweni. Chachiwiri, kholo likamwalira munda unkagawidwa kwa ana onse, anawo n'kudzagawiranso ana awo, mpaka banja linkatsala ndi kamunda kosakwanira kulidyetsa. Chachitatu, misewu inali yoipa. Mvula ikagwa ngolo zinkatitimira m'matope, ndiye mlimi sankatha kukafika kumsika wa m'tauni. Ankangogulitsira pakhomo kwa wamalonda amene wabwera, pa mtengo umene wamalondayo wanena. Chachinayi, ndipo ichi ndicho chinkakulitsa mavuto ena onsewo, mlimi wamng'ono analibe kokabwereka ndalama mwachilungamo. Mabanki analipo m'mizinda, koma sankamudziwa mlimi wa kumapiri, ndipo sankafuna kuvutika ndi tingongole ting'onoting'ono. Pomwe msonkho unkafuna ndalama, mbewu inkafuna ndalama, ndipo ng'ombe ikafa pankafunika kugula ina. Kothawira kunali kumodzi kokha, kwa wakatapila.

Akatapila ambiri a kumeneko anali ogulitsa ng'ombe, ndipo njira yawo inali yotere. Ankabweretsa ng'ombe kwa mlimi wosauka n'kumuuza kuti adzalipira m'tsogolo. Mtengo unali wokwera, ndipo mlimi, amene kawirikawiri sankadziwa bwino kuwerengera, ankasaina pepala limene sanalimvetse. Tsiku lobweza likafika iye alibe kanthu, wamalonda uja sankakalipa ayi. Ankamuwonjezera nthawi, n'kuwonjezeranso ngongole. Ngongoleyo ikakula ndithu, ankatulukira kudzafuna ndalama zonse pakamodzi. Ng'ombe inkapita, kenaka munda, pomaliza nyumba inkagulitsidwa pa okushoni. Banja limene dzulo linali ndi pake linkasanduka aganyu, ndipo ena ankasamukira ku America. Anthuwa sanali aulesi. Ankagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, koma phindu la thukuta lawo linkathera m'thumba la munthu wina.

Meya watsopanoyu anayamba ndi zimene udindo wake unkamulola kuchita. Anamangitsa sukulu yatsopano ku Weyerbusch, ndipo anayambitsa ntchito yokonza msewu wochokera kumapiriko kutsikira ku mtsinje wa Rhine, kuti alimi azikagulitsa okha zokolola zawo kumene kuli ogula ambiri. Ntchito ya msewuyi anaipitiriza kwa zaka zambiri m'malo ena amene anakatumikirako, ndipo lero msewuwo umadziwika ndi dzina lawo.

NJALA YA 1846 NDI 1847

Chakudza sichiimba ng'oma. M'zaka za 1845 ndi 1846 chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere m'maiko ambiri a ku Ulaya. Ndi matenda omwewo amene anabweretsa njala imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Ireland. Ku Westerwald kachewere ndiye anali chakudya cha osauka, ngati mmene chilili chimanga kwa ife. Mbewu zinanso sizinachite bwino m'chaka cha 1846, ndipo nyengo yozizira itafika, njala inalowa m'nyumba zambiri.

Boma linatumiza ufa, koma linalamula kuti uperekedwe kwa okhawo amene alipira ndalama pompopompo. Bambo Raiffeisen anaona kuti lamuloli likusiya panja anthu enieni amene ali ndi njala, popeza wokhala ndi ndalama akanatha kugula kwina. Choncho anagawa ufawo pa ngongole, aliyense n'kulembetsa kuti adzabweza akadzakolola. Akuluakulu awo a boma sanakondwere nazo, ndipo ntchito yawo inali pachiswe, koma iwo sanabwerere m'mbuyo.

Ufa wa bomawo unali wochepa. Tsono anasonkhanitsa anthu opezako bwino a m'deralo n'kupanga bungwe la buledi. Anthuwo anapereka ndalama, bungwe linagula ufa wambiri pakamodzi kutali kumene unali wotsika mtengo, ndipo anthu a m'mudzi anamanga nyumba yophikiramo buledi. Buledi wa bungweli ankagulitsidwa motsika kwambiri kuposa wa m'masitolo, ndipo osauka ankatenga pa ngongole. Nyengo yodzala itayandikira, bungwe linagulanso mbewu ya kachewere n'kubwereketsa alimi. Apa Bambo Raiffeisen anaphunzira zinthu ziwiri: kuti anthu akagula pamodzi mtengo umatsika, ndiponso kuti munthu wosauka angathe kukhulupiriridwa pa ngongole.

ANTHU 60 A KU FLAMMERSFELD

M'chaka cha 1848 anawasamutsira ku Flammersfeld, kumene kunali midzi yochulukirapo. Njala inali itatha, koma katapila anali pomwepo. M'chaka cha 1849 anakopa anthu 60 opeza bwino kuti apange bungwe lothandiza alimi osauka. Anthuwa sanafunsidwe kupereka mphatso. Anafunsidwa chinthu cholemera kuposa pamenepo: kuti avomere kuti katundu wawo yense akhale chikole cha ngongole za bungwelo. Chifukwa cha chikole chimenechi bungwe linatha kubwereka ndalama mumzinda pa chiwongoladzanja chotsika. Ndi ndalamazo linkagula ng'ombe n'kupereka kwa alimi, iwo n'kumabweza pang'onopang'ono kwa zaka zisanu. Pambuyo pake linayamba kubwereketsa ndalama zenizeni kuti mlimi azisankha yekha ng'ombe yake, kapena akonzere nyumba ndi munda wake.

Chimene chinkawalimbitsa mtima pa zonsezi chinali chikhulupiriro chawo. Ndime imene ankaikonda ndi ya pa Mateyu 25:40, imene imatikumbutsa kuti Ambuye amalandira ngati chochitira Iwo eni chilichonse chimene tachitira munthu wonyozeka. Ankakhulupirira kuti chuma cha munthu ndi chosungitsidwa ndi Mulungu, ndipo wolemera adzafunsidwa mmene anachigwiritsira ntchito. Ndi mawu otere amene ankakopera anthu opeza bwino kuti alowe m'mabungwe awo.

PAMENE CHIFUNDO CHINATOPA

M'chaka cha 1852 anakhala meya wa Heddesdorf, pafupi ndi tauni ya Neuwied m'mphepete mwa Rhine. Kumeneko kunali mafakitale, ndipo umphawi wake unali ndi nkhope zambiri. M'chaka cha 1854 anayambitsa bungwe lachifundo lokhala ndi zolinga zingapo: kusamalira ana osowa owalera, kupezera ntchito anthu otuluka kundende, kutsegula laibulale, ndi kubwereketsa ndalama kwa ovutika.

Poyamba zinayenda bwino. Koma patapita zaka, anthu opeza bwino aja anayamba kutopa. Pa misonkhano sankabwera, ntchito zina zija zinafota imodziimodzi, ndipo ena anayamba kudandaula kuti katundu wawo akukhala chikole cha anthu amene sakuwadziwa n'komwe. Ntchito imene inatsala yamoyo inali yobwereketsa ndalama yokha. Mabungwe a ku Weyerbusch ndi ku Flammersfeld nawonso sanakhalitse mwini wake atachokako. Chithandizo chodalira mtima wabwino wa ena chinaoneka kuti chili ngati mame, amene amauma dzuwa likakwera.

Panalinso vuto lina. M'mabungwe onsewa osauka sanali mamembala. Olemera ndiwo ankalamula ndi kupereka, ndipo osauka ankangolandira. Munthu wongolandira analibe mawu pa kayendetsedwe ka bungwe, ndipo bungwe likagwa iye sankaona ngati chake chagwa. Zinali zowawa kwa Bambo Raiffeisen kuvomereza zimenezi, popeza anali atadalira kwambiri chikondi cha Akhristu opeza bwino. Koma anavomereza, ndipo anasintha njira.

M'chaka cha 1862 anathandiza kukhazikitsa mabungwe atsopano obwereketsa ndalama m'midzi yoyandikana, monga ku Anhausen, ndipo m'chaka cha 1864 bungwe la ku Heddesdorf linathetsedwa n'kuyambitsidwanso mwa njira yatsopano. Tsopano wofuna kubwereka anayenera kukhala membala. Wobwereka ndi wosunga, wosauka ndi wopeza bwino, onse anakhala eni ake a bungwe limodzi, ndipo onse anasenza limodzi ngongole zake. Mutu umodzi susenza denga.

MALAMULO A MABUNGWE AWO

Malamulo amene anakhazikika m'zaka zotsatira anali ochepa, koma lililonse linali ndi chifukwa chake.

Bungwe linkayenera kukhala la dera laling'ono, kawirikawiri parishi imodzi. Banki ya mumzinda sinkadziwa kuti wolimbikira ndani ndipo chidakwa ndani, koma anthu opemphera m'tchalitchi chimodzi ankadziwana bwino lomwe. Kudziwana kumeneku ndiko kunalowa m'malo mwa chikole chimene wosauka analibe.

Mamembala onse ankayankha pa ngongole za bungwe ndi katundu wawo yense. Lamuloli linali loopsa, koma ndilo linkachititsa kuti anthu asaope kusungitsa ndalama zawo ku bungwelo, ndiponso kuti membala aliyense aziyang'anitsitsa mmene ndalama zikuyendera.

Ngongole inkaperekedwa kwa membala yekha, ndipo ankafunsidwa kuti akufuna kuchita nayo chiyani. Ya ng'ombe, ya mbewu, ya zipangizo, yokonzera munda kapena yobwezera wakatapila kuti munthu amasuke inkaloledwa. Yongodyera sinkaloledwa. Wobwereka ankabwera ndi mnzake womuimira, ndipo atsogoleri ankaonetsetsa kuti ndalamazo zagwiradi ntchito imene ananena.

Nthawi yobweza inkagwirizana ndi ntchito ya mlimi. Ng'ombe sibweza mtengo wake m'miyezi itatu, choncho ngongole zina zinkabwezedwa kwa zaka zingapo, zina mpaka 10. Koma kubweza kunali kosakambirana, ndipo chiwongoladzanja chinalipo ndithu, ngakhale chinali chochepa. Bambo Raiffeisen ankaona kuti kulekerera munthu wosabweza dala si chikondi, chifukwa kumapha bungwe limene anthu ena onse akulidalira.

Atsogoleri ankagwira ntchito mongodzipereka. Wolandira malipiro anali mlembi wosunga mabuku yekha, ndipo panali gulu lina la mamembala loyendera mabukuwo. M'midzi yambiri abusa, ansembe ndi aphunzitsi ndiwo ankathandiza kuyambitsa ndi kutsogolera mabungwewa, ndipo anafalikira pakati pa Akatolika ndi Aprotestanti omwe.

Pomaliza, phindu silinkagawidwa. Linkaikidwa m'thumba la bungwe limene panalibe membala wololedwa kuligawa, ngakhale bungwe litatha. Thumba limeneli linkateteza mamembala pa chaka choipa, ndipo linkachotsa chiyeso chothetsa bungwe pofuna kugawana ndalama.

MAVUTO A PAKHOMO NDI NTCHITO YA AMALIE

Pamene ntchitoyi inkaphuka, pakhomo pawo panali misozi. Mwa ana 7 amene anabereka, atatu anamwalira ali aang'ono. M'chaka cha 1863 Mayi Emilie anamwalira. M'nyengo yomweyo kunagwa mliri m'dera lawo, ndipo Bambo Raiffeisen anatenga matendawo poyendera odwala. Anachira, koma maso awo anaipiraipira, kotero kuti m'chaka cha 1865, ali ndi zaka 47, anapuma pa ntchito ya umeya. Penshoni inali yochepa. Anayesa fakitale ya ndudu koma sinayende, ndipo pambuyo pake anayamba malonda a vinyo kuti adyetse ana awo.

Munthu wina akanati ntchito yake yathera pamenepo. Koma m'chaka cha 1866 anatulutsa buku lofotokoza mmene anthu akumudzi angayambitsire bungwe lobwereketsa ndalama, ndi malamulo ake ndi kalembedwe ka mabuku ake. Bukuli linasindikizidwa kangapo, ndipo midzi yambiri inayamba kuwaitana. Kwa zaka zoposa 20 anayenda m'midzi kuphunzitsa anthu, maso awo akunka nazima.

Apa tiyenera kutchula mwana wawo woyamba, Amalie, amene anabadwa m'chaka cha njala cha 1846. Mayi ake atamwalira iye anali ndi zaka pafupifupi 17, ndipo analera abale ake aang'ono. Maso a atate ake atalephera, iye ndiye anakhala maso awo ndi dzanja lawo. Ankawawerengera makalata, ankalemba zimene iwo ankanena, ndipo ankasunga mapepala a ntchito yonse. Popanda iye mabuku ndi makalata a atate ake sakanatuluka. Koma mtengo umene analipira unali waukulu. Atate ake sanamulole kukwatiwa chifukwa ankamufuna pa ntchitoyo, ndipo anamwalira m'chaka cha 1897 asanakhale ndi banja lakelake. Dzina la atate ake lili pa zikwangwani za mabanki, koma la iye ndi ochepa amene amalikumbukira. Tikamayamika ntchito zazikulu za mu mpingo ndi m'dziko, tizifunsanso za amayi ndi atsikana amene anazisenza mwakachetechete.

KUKULA KWA NTCHITO NDI OTSUTSA

Mabungwe atachuluka panaoneka vuto latsopano. Mudzi wina unkakhala ndi ndalama zambiri zosungitsidwa koma obwereka ochepa, pamene mudzi wina obwereka anali ambiri ndalama zili zochepa. Choncho m'chaka cha 1872 anakhazikitsa banki ku Neuwied yolumikiza mabungwewo, kuti zotsala za mudzi wina zizithandiza mudzi wina. M'chaka cha 1877 anakhazikitsanso mgwirizano wa mabungwe onse, wowalangiza ndi kuwathandiza pa kayendetsedwe ka mabuku.

Otsutsa analipo. Wamkulu mwa iwo anali Hermann Schulze-Delitzsch, phungu wa nyumba ya malamulo, amene anali atayambitsa kale mabungwe ofanana nawo a amisiri ndi eni masitolo a m'matauni. Iye ankafuna kuti membala aliyense azigula masheya ndi kulandirako phindu, ndipo ankachenjeza kuti n'koopsa kubwereketsa kwa zaka zambiri ndalama zimene eni ake angazifune nthawi ina iliyonse. Chenjezoli linali ndi nzeru ndithu, ndipo mkangano wawo unakakamiza Bambo Raiffeisen kukonzanso banki yawo yaikulu m'chaka cha 1876. Lamulo loti membala aziyankha ndi katundu wake yense nalonso linkaopsa anthu ambiri, ndipo m'chaka cha 1889 dziko la Germany linaloleza makopaletivi amene membala amayankha mpaka pa mlingo woikika. Ma SACCO a masiku ano anatengako mbali zonse ziwiri: kudziwana ndi kudzipereka kwa Bambo Raiffeisen, ndi masheya a Schulze-Delitzsch.

Bambo Raiffeisen anali munthu ngati ife, ndipo zofooka anali nazo. Anali ouma mtima pa zimene atsimikiza, ndipo ena mwa anzawo pa ntchito anapatukana nawo. M'zolemba zawo zina ananena zoipa za Ayuda, kuwaloza chala pa nkhani ya katapila monga ankachitira anthu ambiri a nthawi yawo, pamene Akhristu okongoza mwankhanza analiponso. Zimenezi sitiyenera kuzibisa kapena kuzitsanzira.

Anamwalira ku Heddesdorf pa 11 Malichi 1888, patatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 70. Nthawi imeneyo mabungwe otsata njira yawo anali oposa 400. Pofika chaka cha 1914, m'midzi ya ku Germany munali mabungwe obwereketsa ndalama oposa 15,000.

MMENE NZERUYI INAFIKIRA KUNO

Njirayi inadutsa malire a maiko. Ku Italy bungwe loyamba lotere linayamba m'chaka cha 1883. Ku Switzerland ndi ku Austria mpaka lero kuli mabanki otchedwa Raiffeisen, ndipo banki yaikulu ya ku Netherlands ya Rabobank inatenga zilembo ziwiri zoyamba za dzina lake kuchokera ku dzina lomweli. Ku Canada, Alphonse Desjardins anaphunzira za mabungwe a ku Ulaya n'kuyambitsa lake m'tauni ya Lévis m'chaka cha 1900. Mu Africa, wansembe wina wa Katolika, Bambo John McNulty, anayambitsa bungwe lotere ku Jirapa m'dziko la Ghana m'chaka cha 1955. Kuno ku Malawi mpingo wa Katolika unathandiza kuyambitsa ma SACCO m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'chaka cha 1980 anapanga mgwirizano wawo wa MUSCCO. M'chaka cha 2016 bungwe la UNESCO linaika nzeru ya makopaletivi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Banki mkhonde ili ndi mbiri yakeyake, poti inayambira ku Niger m'chaka cha 1991, koma mzati wake ndi womwewo: anthu odziwana kusunga pamodzi ndi kubwereketsana.

Si kulikonse kumene mbewuyi inamera. Ku Ireland anayamba mabungwe otere m'chaka cha 1894, koma ambiri anafa. Anthu sankasungitsako ndalama zawo, ndipo mabungwewo ankadalira ndalama zochokera kunja, za boma ndi za mabanki. Popeza ndalamazo sizinali zawo, mamembala sankavutika kuziyang'anira, ndipo ankachita manyazi kukakamiza mnansi wawo kuti abweze. Malamulo anali omwewo a ku Germany, koma anangokhala a papepala.

ZIMENE TIKUPHUNZIRAPO

Moyo wa Bambo Raiffeisen sukutiuza kuti tisiye zachifundo. Pa njala ya 1846 anthu anafunika buledi tsiku lomwelo, ndipo anampeza chifukwa ena anatsegula manja. Wodwala, wokalamba ndi mwana wamasiye adzafuna thandizo lathu nthawi zonse. Koma bambowa anaona kuti anthu ambiri amasauka chifukwa amagulitsa motchipa, amagula modula ndipo amabwereka kwa wowadyera masuku pamutu. Anthu otere chimene akusowa ndi msewu wopita kumsika, mtengo wachilungamo ndi ngongole imene angathe kubweza. Sanathamangitse akatapila ndi apolisi. Anatsegula khomo lina labwino, anthu n'kusiya okha kupita kwa akatapilawo.

Anaonanso kuti bungwe la ndalama limaima pa khalidwe la anthu ake. Malamulo abwino sathandiza ngati msungichuma sali wokhulupirika, ngati wobwereka akunama za chimene akufunira ndalama, kapena ngati mamembala akuopa kunena zoona kwa mnzawo. Kwa iwo kubweza ngongole pa nthawi yake ndi kulemba mabuku moona zinali mbali ya kukonda mnansi, chimodzimodzi kudyetsa wanjala.

ZOTI TIKAMBIRANE M'MAGULU ATHU

1. Kodi m'dera lathu ndi nthawi iti ya chaka imene amayi amapita kwa akatapila, ndipo amakabwerekera chiyani? Gulu lathu lingakonzekere bwanji nthawi imeneyo isanafike?

2. Tikagawana ndalama kumapeto kwa chaka, kodi timasiyako thumba la gulu loti lidzatithandize pa chaka choipa?

3. Mnzathu akalephera kubweza, timasiyanitsa bwanji amene wagwa m'mavuto enieni ndi amene akuzengereza dala, ndipo aliyense wa iwo timamuthandiza motani?

4. Kodi amayi osaukitsitsa a mu mpingo mwathu ndi mamembala a gulu lathu okhala ndi mawu, kapena timangowakumbukira pa tsiku logawa mphatso?